MBIRI YATHU: Mmene Lilongwe inamangidwira, ndi chifukwa chake tauni ikuyandikira minda yathu

 Mwezi uno pa gawo la mbiri tasankha nkhani ya mzinda wa Lilongwe. Mwina wina afunsa kuti nanga ife a kwa Kabudula za mtauni zikutikhudza pati? Zikutikhudza ndithu. Amene mwadutsa kwa Njewa, ku Chitipi kapena ku Mpingu posachedwapa mwaona nokha kuti pamene panali minda ya chimanga pano pali mipanda ya njerwa ndi zikwangwani zotsatsa mapuloti. Tauni ikuyenda, ndipo ikulowera chakuno. Ndiye ndi bwino tidziwe mmene inayambira, amene anapindula nayo, komanso amene anangotsala ndi nkhani yokha.

FODYA NDIYE ANAYAMBITSA

Atsamunda a ku Britain anakhazikitsa boma la Lilongwe mu 1904, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, m'dera la mfumu Njewa. Kwa zaka zambiri panalibe chodabwitsa: ofesi ya DC, apolisi, msika ndi sitolo zingapo za amwenye basi. Chimene chinadzutsa malowa ndi fodya. Mu 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anatsegula esiteti ku Mbabzi, kumadzulo kwa boma, mbali yathu yomwe ino. Iwo ankagawa mbewu kwa anthu a m'midzi, kuwaphunzitsa kulima fodya wa chikopa, kenako n'kumawagula fodyayo. Zaka khumi zisanathe, alimi zikwizikwi a m'chigawo chapakati anali atalowa mu ulimi umenewu, mpaka mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira alimiwo ndi misika yawo.

Fodya yense ameneyu ankadutsa pa Lilongwe, chifukwa ndi pamene misewu ya ku Dedza, Salima, Kasungu ndi Mchinji imakumana. Njanji itafika ku Salima mu 1935, malonda anakula kwambiri, ndipo mu 1947 Lilongwe inazindikiridwa kuti ndi tauni. Choncho ndalama zoyamba zimene zinamanga sitolo za ku Old Town zinatuluka m'zigafa za agogo athu. Koma mtengo wa fodyayo sankaika ndi iwo, ndipo sitolozo sizinali zawo.

KAMUZU ASAMUTSA LIKULU

Pamene dziko lino limalandira ufulu mu 1964, likulu linali ku Zomba. Dr Kamuzu Banda anati lisamukire pakati pa dziko. Chifukwa chake ankati chitukuko chonse chaunjikana kummwera, ndipo Zomba ndi yopanikizika ndi phiri pamene Lilongwe ili pachidikha pokhala malo ambiri. Otsutsa ankanong'ona kuti akungokokera kwawo, poti iye anali wa ku Kasungu. Britain inakana kupereka ndalama. Ndiye Kamuzu anatembenukira ku South Africa, dziko limene mayiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho, ndipo mu 1968 linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni.

Chaka chomwecho boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, limene anthu ankangoti CCDC. Bungweli linapatsidwa malo a mzinda, ndi mphamvu yogawa mapuloti, kumanga nyumba ndi maofesi, kuchititsa lendi ndi kukopa anthu a ndalama. Ntchito yomanga inayamba mu 1969, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu la dziko.

Mapulani a mzindawu anajambula ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo zizindikiro zake zikuonekabe mpaka lero. Anthu anawagawa potengera thumba. Mabwana anawaika ku Area 10 ndi Area 43, kumapuloti akuluakulu kufupi ndi Capital Hill. Ogwira ntchito m'boma apakatikati anawamangira ku Area 18. Anthu wamba anawapatsa mapuloti ang'onoang'ono kutali, monga ku Area 25, kuti azimanga okha. Mafakitale anawaika ku Kanengo. Pakati pa maderawa anasiya tchire ndi mitengo. N'chifukwa chake mpaka pano munthu wopeza zochepa mtauni ndi amene amayenda mtunda wautali kupita kuntchito, kaya wapansi, kaya pa kabaza.

Tisaiwale kuti malo amenewa sanali opanda eni. Panali midzi, minda ndi manda. Lamulo la malo la 1965 linaika malo onse a mafumu m'manja mwa pulezidenti, ndiye boma likafuna malo, anthu ankangosamutsidwa. Chipepeso chinkayang'ana kwambiri nyumba, mitengo ndi mbewu, osati nthaka yeniyeniyo. Ndipo nthawi ya chipani chimodzi ija, ndani akanayerekeza kukana? Lero puloti imodzi m'madera amenewo ndi chuma choopsa, koma zidzukulu za amene ankalima pamenepo sizinaone phindu lake.

NDUNDA: PEPALA LIMENE LINAFIKA KUMUDZI

Pamene mzinda umamangidwa, kumidzi kuno kunalinso chitukuko china. Kuyambira mu 1968, ndi ndalama za World Bank, boma linayendetsa pulogalamu ya Lilongwe Land Development Programme kumadzulo ndi kummwera kwa boma lino. Inalambula misewu, kukumba mijigo, kukonza migula yoteteza nthaka, kumanga misika ndi kupereka ngongole za feteleza. Akuluakulu akamakamba za mayuniti, amanena za nthawi imeneyi.

Chachikulu pa nkhani yathuyi ndi chakuti pulogalamuyi inayeza minda ndi kuilembetsa, potsatira malamulo a malo a 1967. Ndi zimene timati ndunda zija. Munda sunkalembedwa m'dzina la munthu aliyense payekha, koma wa banja lonse, ndipo papepala pankalembedwa dzina la mtsogoleri woimira banjalo. Madera ambiri a m'Malawi muno sanaone zoterezi, ife tinali oyamba. Cholinga chinali chakuti malire adziwike ndipo mikangano ichepe. Koma zaka zitapita, vuto linaoneka. Oimira mabanja ambiri anamwalira popanda kusintha dzina papepala. Kwina woimirayo, kapena ana ake, anayamba kuona ngati malowo ndi awoawo, kuiwala mbumba. Nthawi imene munda unali wongolima chimanga, zimenezi zinkatha ndi kukambirana pabwalo. Koma munda ukayamba kutchulidwa mamiliyoni, dzina lili papepala lija limasanduka nkhani yaikulu.

MZINDA UPOSA MAPULANI

Zaka zoyamba za likulu zinali za chimangemange. Chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977. Njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Okushoni ya fodya ya ku Kanengo inayambanso mu 1979, ndipo bwalo la ndege la ku Lumbadzi linayamba kugwira ntchito mu 1983. Kenako mu 1984 CCDC inathetsedwa, ndipo ntchito zake zinagawidwa ku khonsolo ya mzinda, ku unduna wa za malo ndi ku Malawi Housing Corporation.

Koma anthu sanasiye kubwera. Taonani ziwerengero za kalembera. Mu 1966 mzindawu unali ndi anthu osakwana 20,000. Mu 1977 anali pafupifupi 99,000. Mu 1987 anaposa 220,000, mu 1998 anafika 440,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000. Mapuloti ovomerezeka sanachuluke pa liwiro limeneli. Ndiye munthu akasowa puloti kukhonsolo ankapita kwa mfumu ya m'mphepete mwa tauni, n'kupereka kangachepe, n'kumanga. Umu ndi mmene Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Kauma zinakulira. Lero anthu ambiri a mu Lilongwe amakhala m'madera otere, opanda mapulani, ndipo ochuluka a iwo ndi alendi. Achibale athu ambiri amene anapita kukasaka ganyu ali kumeneko, akulipira landilodi mwezi ndi mwezi.

Onani mmene zimayendera. Poyamba mudzi umagulitsa kamalo kamodzi kwa mlendo pamtengo wozizira. Ena amatsatira. Pakapita zaka khumi, eni mudzi alibe polima, ndalama zinatha kalekale, ndipo ena akuchita lendi pa nthaka imene inali ya makolo awo.

ZA MASIKU ANO: SIMENTI, KWACHA NDI MADOBADOBA

Nyumba ya malamulo inakhalabe ku Zomba mpaka 1994. Malawi itasiya ubale ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China kumapeto kwa 2007, ntchito zikuluzikulu zinabweranso: nyumba ya malamulo yatsopano inatsegulidwa mu 2010, kenako BICC ndi hotela yake, ndi Bingu National Stadium mu 2017. Mbali yathu ino kunabwera Gateway Mall mu 2014, msewu wolambalala tauni wochokera ku Bunda Turn Off kudzalumikiza msewu wa Mchinji, komanso phula la msewu wa Kasiya ndi Santhe. Paliponse pamene phula lafika, mtengo wa malo umadumpha, ndipo madobadoba amafika msanga kuposa magetsi.

N'chifukwa chiyani anthu a mtauni akulimbirana malo chonchi? Yankho lina ndi kwacha. Ndalama yathu inagwa kwambiri mu 2012, inatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu wa ndalama amadziwa kuti akazisunga kubanki zisungunuka, ndiye amazibisa m'nthaka. Tsono taganizani bwino apa. Wogula akuthawa kwacha n'kutenga malo. Wogulitsa akutaya malo n'kutenga kwacha yomweyo imene mnzakeyo akuithawa. Njinga yamoto imene munthu wagula atagulitsa ekala imatha pa zaka zochepa, pamene ekala ija ikadulidwa mapuloti imabweza ndalama zija kangapo. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso china chimene tauni yatenga kumidzi: njerwa, nkhuni, mchenga ndi makala. Mauvuni a njerwa adya mitengo yambiri, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, yavutika ndi ootcha makala mpaka boma linatumizako asilikali. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda. Choncho msika ukulowera ku mabuloko a simenti. Mnyamata amene amangodalira kuumba ndi kuotcha njerwa ayenera kuyamba kuganiza patali.

NDIYE TITANI?

Sitikunena kuti tauni ndi yoipa ayi. Ndi komwe timagulitsa tomato, mtedza, soya ndi nkhuku, ndipo ambiri a ife fizi yathu inachokera kumeneko. Komanso tikudziwa kuti ena amagulitsa malo chifukwa cha matenda, njala kapena fizi, osati chibwana. Koma mbiriyi ikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Kuyambira nthawi ya fodya wa ku Mbabzi mpaka ya mapuloti a ku Mpingu, chuma cha Lilongwe chakhala chikuchokera m'nthaka ndi m'thukuta la anthu a m'midzi yozungulira, koma chimakhazikika kwa amene ali ndi pepala la malo, luso la ntchito, ndi amene anadziwiratu kumene msewu udutse.

Ndiye pali zinthu zitatu zimene tingachite ngati achinyamata. Choyamba, tifunse makolo, agogo ndi atsibweni za malo a banja lathu: kodi analembedwa nthawi ya ndunda? Pepala lili kuti? Lili m'dzina la yani, ndipo munthuyo ali moyo? Tifunse mwaulemu, osati ngati tikuyamba kale kugawana chuma.

Chachiwiri, tidziwe lamulo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa malo ake, ndipo linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi a gulupu, okhala ndi mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu mwa iwo ayenera kukhala amayi. Atsikana a mu kilabu muno, izi zikukukhudzani kwambiri, poti kwathu kuno minda yambiri imayenda kuchikazi. Mu 2022 malamulo a malo anawakonzanso, ndipo anakhwimitsa nkhani yogulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino. Pasakhale kusainirana usiku, mbumba isakudziwa.

Chachitatu, tiphunzire ntchito zamanja. Mzinda umene ukukula chonchi umafuna amisiri omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo, a mapaipi ndi a magetsi. Namitete Technical College ili m'boma lathu lomwe lino. Ndi bwino kulowa mtauni ndi luso kusiyana ndi kukakhala wonyamula ndowa pa nyumba imene ikumangidwa pamunda umene unali wanu.

Pa mkumano wathu wotsatira tidzakambirana nkhani imeneyi. Aliyense ayesetse kucheza ndi wamkulu mmodzi wa m'mudzi mwake amene akukumbukira za ndunda kapena za kusamutsidwa kwa midzi nthawi ya CCDC, ndipo adzatiuze zimene wamva. Amene muli mtauni kapena ku Joni, lembani maganizo anu m'munsimu, ndipo gawanani nkhaniyi ndi abale anu.