MODY: Matenda a Shuga Otengera kwa Makolo

MODY ndi mtundu wa matenda a shuga umene umayamba chifukwa cha vuto la jini imodzi yokha, kachidutswa ka malangizo a chibadwa kamene mwana amalandira kwa makolo. Nthawi zambiri amaonekera munthu asanakwanitse zaka 25. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera, n'chifukwa chake m'banja limodzi mumapezeka agogo, mayi ndi mdzukulu onse akudwala. Dokotala wa ku Britain, Robert Tattersall, anafotokoza za mabanja otere mu 1974.

Gwero la matendawa lili m'kapamba, m'maselo a beta amene amapanga insulini. Jini ya GCK ikasokonekera, shuga amangokwera pang'ono moyo wonse ndipo ambiri safunika mankhwala. Vuto la jini ya HNF1A limakula ndi msinkhu, koma limamva bwino mapiritsi a sulfonylurea.

Yochititsa chidwi kwambiri ndi PDX1, jini imene imatsogolera kapamba kuti aumbike mwana ali m'mimba. Mu 1997 ofufuza anafotokoza za khanda lobadwa lopanda kapamba chifukwa linatengera jini yolakwika kwa bambo ndi mayi omwe. Achibale amene anali ndi imodzi yokha anali ndi kapamba, koma ambiri a iwo anadwala shuga.

Chomvetsa chisoni n'chakuti odwala ambiri amayesedwa a shuga wa mtundu woyamba, n'kumabayidwa insulini zaka zambiri pamene mapiritsi akanawakwanira. Chotsimikizira matendawa ndi kuyeza majini m'magazi.