Wanena ndani, nanga n'zotheka? Njira ziwiri zolembera mbiri

Nkhani ya makedzana ikafika m'makutu mwathu imakhala itadutsa pakamwa pa anthu ambiri, ndipo aliyense mwa iwo akhoza kuiwala, kuwonjezera kapena kukondera. Ophunzira a Chisilamu anazindikira vuto limeneli kalekale, ndipo poyesa kulithetsa anatisiyira njira ziwiri zoyezera nkhani. Njira yoyamba imafufuza munthu amene wabweretsa nkhaniyo, pamene yachiwiri imafufuza ngati zimene zanenedwazo zikanatheka kuchitika.

Njira yoyamba inachokera ku maphunziro a Hadith. Pofuna kuteteza mawu a Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), ophunzira ankafuna kuti nkhani iliyonse ibwere ndi isnadi, womwe ndi mndandanda wa anthu amene anapatsirana nkhaniyo kufikira kwa amene anaiona kapena kuimva. Kenaka ankafufuza moyo wa aliyense pa mndandandawo: ngati anali wokhulupirika, ngati ankakumbukira bwino, ndiponso ngati anakumanadi ndi amene akuti anamuuza.

Katswiri wamkulu amene anatengera njirayi ku mbiri ya maufumu ndi al-Tabari, yemwe anabadwira ku Amul m'chaka cha 839 n'kumwalirira ku Baghdad mu 923. Buku lake, Tarikh al-Rusul wa al-Muluk, limayambira pa kulengedwa kwa dziko n'kulekezera m'chaka cha 915, ndipo kuyambira pa Hijra limalongosola zochitika chaka ndi chaka. Anthu akasiyana pofotokoza nkhondo imodzi, iye ankalemba mbali zonse, iliyonse ndi isnadi yake. M'mawu oyamba a bukuli anachenjeza kuti wowerenga akapezamo nkhani yonyansa kapena yosamveka, adziwe kuti yachokera kwa ofotokoza, pakuti iye anangoipereka momwe anailandirira. Ubwino wake ndi wakuti anatisungira mawu a olemba ambiri amene mabuku awo anatayika. Koma ntchito yosefa anaisiyira wowerenga, ndipo munthu wotola nkhani imodzi m'bukuli n'kumaifalitsa ngati chigamulo cha al-Tabari amakhala akumunamizira.

Al-Mas'udi, amene anamwalira mu 956, anawonjezera kuyenda ndi kudzionera yekha. Anakwera zombo za amalinyero a ku Oman mpaka pa chilumba cha Qanbalu kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo m'buku lake lotchedwa Muruj al-Dhahab analemba za anthu a Zanj, za golide wa ku Sofala ndi za malonda a minyanga ya njovu. Komabe kuyenda sikunamuteteze ku nkhani zokokomeza, monga anaonetsera Ibn Khaldun patatha zaka mazana anayi.

Ibn Khaldun anabadwira ku Tunis mu 1332. Makolo ake anafa ndi mliri waukulu wa 1348 ndi 1349, ndipo iye anatumikira mafumu angapo a kumpoto kwa Africa, kukwezedwa pa maudindo komanso kuponyedwa m'ndende. Mu 1377, ali kwayekha ku Qal'at Ibn Salama m'dziko lomwe lero ndi Algeria, analemba Muqaddimah. M'menemo anatchula zimene zimalowetsa bodza mu mbiri, monga kukondera gulu lako, kukhulupirira ofotokoza mopitirira muyeso, kufuna kusangalatsa olamulira, komanso, choposa zonse, kusadziwa mmene anthu amakhalira pamodzi, mmene chuma chimapezekera ndi mmene ufumu umakulira n'kugwa.

Chitsanzo chake chotchuka ndi chiwerengero cha ankhondo 600,000 omwe al-Mas'udi ndi olemba ena anati anali ndi Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye) m'chipululu. Ibn Khaldun anati khamu lotero silingafole pabwalo limodzi la nkhondo. Anakumbutsa kuti ufumu wa Persia, womwe unali waukulu kwambiri, unasonkhanitsa ankhondo 120,000 okha ku Qadisiyya, ndiponso kuti mibadwo ya pakati pa Mneneri Yaqub ndi Mneneri Musa inali yochepa moti banja limodzi silikanachulukana chotero. Iye sanataye isnadi. Anati pa malamulo a chipembedzo kufufuza ofotokoza ndiyo njira yoyenera, koma pa zochitika za m'dziko tiyambe taona ngati nkhaniyo n'njotheka, chifukwa ikakhala yosatheka palibe phindu lofufuza amene waibweretsa.

Kuno kwathu mbiri yambiri ya m'mbali mwa nyanja yasungidwa pakamwa pa akuluakulu. Ngakhale buku la Chiikala cha Wayao, lomwe Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, anatulutsa mu 1919, linatsamira pa zimene akuluakulu ankafotokoza. Nkhani zoterezi zimakhudza moyo wathu wa lero, pakuti pa milandu ya ufumu ndi ya malire a minda mbali iliyonse imabwera ndi mbiri yake, ndipo yolakwika ikalandiridwa banja lina limataya malo ake.

Choncho agogo akamatiuza za amene anayambitsa mudzi kapena kumanga mzikiti woyamba, tiwafunse mwaulemu kuti anamva kwa yani, ndipo dzinalo tililembe pamodzi ndi nkhaniyo, monga ankachitira al-Tabari. Wina akafotokoza mosiyana, nazonso tizilembe osafufuta zoyambazo. Pambuyo pake tiwerenge mibadwo, tiyeze mtunda wa maulendo, ndipo tione amene angapindule nkhaniyo ikavomerezedwa, monga anaphunzitsira Ibn Khaldun. Qur'an yolemekezeka, mu Surat al-Hujurat ndime 6, imatilamula kutsimikiza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kulakwira anthu mosadziwa. Ndipo Allah ndiye Wodziwa kwambiri.