Mbiri ya Liu Lakuti "Turpitude"

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tili ndi liu limodzi la Cingelezi limene simudzalimva pamsika kapena pabwalo la mpira. Liuli ndi turpitude, ndipo tanthauzo lake ndi khalidwe loipitsitsa, locititsa manyazi.

Liuli linacokera ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Iwo akaona cinthu conyansa m'maso, anali kunena kuti turpis. Liu lomwelo anali kuchuliranso macitidwe onyansa a munthu. Kodi si mmene ifenso timalankhulira? Timati uyu ndi woipa nkhope, uyo ndi woipa mtima.

Kucokera ku Cilatini liuli linalowa m'Cifalansa, ndipo linafika m'Cingelezi ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. M'masiku amenewo William Caxton anali kusindikiza mabuku ku Westminster, kumene anaimika makina ake mu 1476. Pambuyo pake William Shakespeare analilemba m'sewero lake la Antony and Cleopatra, m'kamwa mwa msilikali amene anathawa mbuye wake nadzimvera yekha manyazi.

M'kupita kwa zaka anthu wamba analisiya, koma aza malamulo analisunga. Mu 1891 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa kulowa m'dzikolo mlendo aliyense amene anatsutsidwapo pa mlandu wa moral turpitude, ndiko kuti mlandu woonetsa kuipa kwa mtima. Koma lamulolo silinalongosole kuti milandu yotereyi ndi iti.

Bvutoli linaonekera mu 1951. Sam De George, wocokera ku Italy, anakhala ku America zaka zambiri, koma anatsutsidwa kawiri cifukwa copangana ndi anzake kuzemba msonkho wa mowa waukali wonga kacasu. Oweruza asanu ndi mmodzi a Bwalo Lalikulu anati cinyengo ndi kuipa kwa mtima, motero ayenera kucotsedwa m'dzikolo. Atatu anakana, nati mau osamveka bwino sayenera kuthamangitsa munthu pakhomo pake. Ambiri anapambana.

Tsono mukadzalipeza m'buku, dziwani kuti ndi liu lolemera. Mwana wocedwa kusukulu kapena wosokosera m'kalasi salandira dzina lotere. Limayenera munthu wodyera ana amasiye cuma cao, kapena wocitira mnzake umboni wonama.

Aphunzitsi, lembani liuli pabolodi, ana awerenge zilembo zake zisanu ndi zinai. Kenaka afunseni kuti: kodi inu mukanagwirizana ndi oweruza ati, ndipo cifukwa ninji?