Nthenda Imene Dotolo Sanaipeze mu 1929

Lero sindikamba za mbeu kapena za mizere, koma za mtima wa mwini munda.

M'caka ca 1929 dotolo wina, dzina lace Donnison, analemba zimene anaona ku Kenya, kufupi ndi nyanja ya Victoria. Pa zaka ziwiri cipatala cace cinagoneka odwala ngati 1,800, ndipo mwa onsewo sanapeze ndi mmodzi yemwe wodwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene tsopano tiichula kuti BP. Anayezanso amuna 1,000 a m'midzi. Ku Ulaya magazi amanka nakwera munthu akamakula, koma kwa amuna awa sizinatero.

Motero ambiri anayesa kuti nthendayi ndi ya Azungu okha. Analakwa. M'zaka za m'ma 1980 madotolo ena anatsata anthu a mtundu wa Luo, a m'mbali mwa nyanja yomweyo, amene anali kupita ku Nairobi kukafuna nchito. Pa miyezi yowerengeka cabe magazi ao anakwera kuposa a abale ao otsala kumudzi. Matupi ao analemera, ndipo mikodzo yao inaonetsa kuti anali kudya mcere wambiri. Mtundu ndi womwewo, cinasintha ndi cakudya ndi makhalidwe.

Za mcerezi inu akulu muzidziwa kuposa ine. Makolo athu anali kuuphika kucokera ku dothi, monga ku nyanja ya Chilwa, ndipo unali wosowa. Lero ndikamayendera alimi ndiona mbale ya mcere pa mphasa, munthu nathira asanalawe n'komwe ndiwo. A bungwe la WHO anena kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiyo kasupuni kamodzi ka tiyi.

Pamene Boma linayeza anthu muno m'Malawi mu 2009, linapeza kuti mmodzi mwa atatu ali onse a zaka 25 kufikira 64 ali nayo nthendayi, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ambiri sanali kudziwa. Bvuto lace ndi lakuti simva kuwawa. Munthu afika ku cipatala atafa kale ziwalo mbali imodzi, kapena miyendo itatupa cifukwa mtima watopa. Ena atsikira komweko. Amene abwerera, ambiri khasu saligwiranso, munda nugonera.

Mafumu, pa msonkhano wanu wa mwezi uno uzani anthu akayezetse. Ayeza pa mkono, sabaya, ndipo ku cipatala ca Boma salipira kanthu.