Sitima ya ku Beira imene inakadzukira ku South Africa

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero tikambe za mutu wa sitima, kapena komboyo monga ambiri timanenera kuno, umene unagwira nchito m'dziko lathu zaka zoposa 120 zapitazo ndipo mpaka pano umafukabe utsi. Kungoti utsiwo sufukira kuno.

Mu 1891 Apwitikizi ndi Angerezi anasainirana pangano la malire. M'panganomo munali mfundo yoti pamangidwe njanji yocokera kugombe, dera la mtsinje wa Púnguè, kulowera kumtunda kumene lero ndi Zimbabwe. Ngolo zinali zitakanika, cifukwa kashembe ankapha ng'ombe m'njira. Nchito inayamba mu 1892, osati ku Beira kwenikweni koma ku Fontesvilla, m'mbali mwa Púnguè, kumene zitsulo zinkafika pa maboti. Njanjiyo inakafika ku Umtali, Mutare wa lero, mu Fevereiro 1898. Inali yopapatiza zedi: 610 mm pakati pa zitsulo ziwirizo. Lumikizani marula awiri a 30 cm m'kalasi, ana adzaona okha kuti kanali kanjanji.

Pakati pa 1895 ndi 1898 panabwera mitu ya sitima 42 ya mtundu wa Falcon, dzina la fakitale ya ku Loughborough ku England. Uliwonse unali ndi mawilo anayi aang'ono otsogolera, anayi aakulu okoka, ndi ngolo kumbuyo yonyamula madzi ndi zosonkhezera moto. Koma sinakhalitse pa njira imene inagulidwira. Njanji yocokera ku Umtali kupita ku Salisbury inamangidwa yotakata, 1067 mm, conco katundu yense ankatsitsidwa m'sitima ina n'kukwezedwa mu ina. Mu 1900 ya ku Beira nayo anaitakasa, ndipo makina amene anali asanakalambe n'komwe anasowa poponda.

Anabalalika. Ena anapita ku njanji ya mgodi wa Ayrshire ku Rhodesia, ena m'minda ya nzimbe monga ku Búzi, ena kokoka mitengo. Mu 1915, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 13 anagulidwa n'kupita ku South Africa, kumene pambuyo pake anawalemba m'gulu la NG6. Awiri a amenewa ali lero ku Sandstone, pafupi ndi Ficksburg m'cigawo ca Free State, ndipo anawakonza mpaka kuyendanso. Wina, wopangidwa mu 1895, anaupakanso utoto wobiriwira wa Beira Railway n'kuubwezera nambala yake yakale, 7.

Ndikati kukonza, musaganize zotsuka ndi kupaka utoto. Mtima wa sitima yamoto ndi kaldera, cithanki cacitsulo mmene madzi amawira n'kupanga nthunzi yokankha mapisitoni. Moto wa m'ng'anjo umadutsa m'mapaipi ambiri omizidwa m'madziwo. Makina akakhala zaka osayenda, dzimbiri limadya mapaipi ndi makoma a ng'anjo mkati, kumene diso silifika. Amisiri amaphwasula zonse, amayeza kukhuthala kwa citsulo malo ndi malo, n'kucotsa cimene capyapyala. Asanayatse moto amadzaza kaldera ndi madzi n'kuwapopera mwamphamvu kuposa mmene nthunzi idzakankhire. Amayamba ndi madzi dala: ngati pali pofooka, madzi amangodontha, pomwe nthunzi imaphulika n'kupha anthu. Zida zosinthira sizigulidwa m'sitolo, pakuti fakitale inasiya kalekale kupanga zimenezi. Cosoweka amaciyamba ndi cikombole, kuthira citsulo cosungunula, n'kucisema pa makina mpaka cikwane.

Ndiye wina angafunse: mukasintha mapaipi, ng'anjo ndi zina zotero, yatsalayo ikadali sitima ya 1895? Ine ndimati inde. Ngakhale pamene inali pa nchito ankaisintha zida nthawi ndi nthawi, monga nyumba ya agogo imene timafolera udzu watsopano koma sitiicha nyumba ina. Ku Maputo, mu Museu dos CFM imene inatsegulidwa mu 2015 pa siteshoni yaikulu, muli mitu ya sitima zakale, ndipo mwana akhoza kuiyandikira n'kuwerenga mawilo. N'zabwino. Koma yoima sikuuza kutentha kumene wosonkhezera moto ankapirira, kapena nthawi imene inkatha m'mamawa madzi asanawire. Zimenezi imanena ndi yoyenda. Pamenepa a ku Sandstone ndimawavulira cipewa. Ndipo ngakhale atatibwezera mawa nambala 7 ija, pa njanji ya Machipanda siingayende, mawilo ake ndi a 610 mm.

Cimene cimandikhala pakhosi ndi dzina. Makina amenewa dziko lonse limawadziwa kuti ma Lawley, potengera Alfred Lawley amene ankayang'anira nchito yomanga m'malo mwa kampani ya George Pauling. Nchitoyo inadutsa m'madambo a Púnguè, ndipo malungo ndi kamwazi zinapha anthu oculuka: azungu, amwenye amene anabweretsedwa kudzagwira nchito, ndi anthu akuda amene ankagwetsa mitengo, kukumba, ndi kusenza dothi pamutu. Dera lonse la Manica ndi Sofala nthawiyo linali m'manja mwa Companhia de Moçambique, imene inkakhometsa msonkho ndi kukakamiza anthu kugwira nchito. Wokonza makina ali ndi poyambira: nambala ya fakitale inadindidwa pa citsulo, caka cinalembedwa, mtundu wa utoto ukudziwika. Amene anaunjika dothi limene makinawo anapondapo alibe mbale yamkuwa yolembapo maina awo, ndipo mlendo woima pambali pa njanji ku Sandstone ndi kamera yake amabwerera kwawo atamva dzina la Lawley.