Virginia, Dera Lomwe Linaleredwa ndi Fodya

Mlimi wa ku Kasungu akamatchula fodya wa Virginia, amakhala akutchula dzina la malo enieni, limodzi mwa madera 50 a dziko la America. Derali limayambira kugombe la Chesapeake kum'mawa, n'kukwera mpaka kumapiri a Blue Ridge ndi chigwa chachonde cha Shenandoah.

Angerezi anamanga mudzi wa Jamestown mu 1607, m'dziko la mfumu Powhatan. Ankafuna golide, koma anapeza njala ndi matenda. Chinawapulumutsa ndi fodya amene John Rolfe anayamba kulima mu 1612. Tsambali linasanduka ndalama: misonkho, ngongole, ngakhale malipiro a abusa, zonse ankawerengera pa fodya.

Koma amene analimapo akudziwa kuti fodya amadya anthu ndi nthaka. Pamafunika manja ofesa nazale, owokera, otola mbozi tsamba ndi tsamba, othyola ndi oyanika. Nthaka ikaguga, atsamunda ankalanda ina kwa eni dziko. Manja anachokera kwathu ku Africa: mu 1619 chombo chinatsitsa anthu ogwidwa ku Angola, oposa 20, pa Point Comfort. George Washington ndi Thomas Jefferson, ana a Virginia amene analalikira ufulu, ankasunga akapolo m'minda yawo. Chilonda chimenechi chinaphulika mu 1831 pamene kapolo Nat Turner anaukira, kenako pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Mzinda wa Richmond unali likulu la mbali yoteteza ukapolo, ndipo mkulu wankhondo wa mbaliyo, Robert E. Lee, anagonjera ku Appomattox, m'dera lomweli.

Ukapolo utatha, anthu omasulidwawo anadzimangira matchalitchi ndi masukulu. Pa sukulu ina yotere ku Lynchburg ndi pamene anaphunzira John Chilembwe asanabwerere ku Chiradzulu mu 1900.

Lero fodya anachepa mphamvu. Chuma chatsamira pa likulu la asilikali la Pentagon ku Arlington, doko la asilikali apamadzi ku Norfolk, ndi nyumba zikuluzikulu za makompyuta a intaneti ku Loudoun. Mu 1990 Douglas Wilder, mdzukulu wa akapolo, analumbira kukhala bwanamkubwa, ndipo mu 2021 chipilala cha Lee chinachotsedwa ku Richmond. Papita zaka 400, koma thukuta la amene anathyola tsamba lija layamba kuwerengedwa.