Ulendo wa ndakatulo kuchoka pakamwa kufika m'buku: mbiri yoonera pa Entre Lagos

Pali mawu amene afala masiku ano pakati pa akuluakulu m'boma la Mecanhelas, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Nayuchi, akuti mabuku a ndakatulo za Chinyanja akusowa chifukwa ana a makono ndi aulesi, mitima yawo idapita ku foni, ndipo luso la mawu lidalowa m'manda pamodzi ndi agogo awo. Mawu amenewa ndimawakayika kwambiri, pakuti aliyense amene adakhalapo pa mwambo wa sukulu, pa ukwati kapena pa tsiku la chikondwerero ku Entre Lagos, mudzi wa njanji uja wokhala pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, adadzimvera yekha anyamata ndi atsikana akulakatula, ena m'Chinyanja, ena m'Chimakua, ena m'Chipwitikizi, kufikira amayi ataimba nthungululu. Alakatuli alipo ndithu. Chosowa ndi njira yochokera pa kope la mlakatuli kukafika pa makina osindikizira, ndipo kusowa kwa njirayo kuli ndi mbiri yake, imene tiyenera kuimva tisanayambe kuloza ana chala.

Makolo athu sankafuna wosindikiza, popeza nyimbo ya pamtondo, ya asodzi popalasa bwato ndi ya pamaliro inkasungidwa m'makutu a mudzi wonse. Pepala lidadza ndi amishoni. Amishoni a UMCA atakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885 adaika makina osindikizira pomwepo, ndipo mabuku awo a Chinyanja ankawoloka ndi ngalawa kukafika ku Messumba ndi midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Niassa. Mu 1922 Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu. Koma makina a masiku amenewo adadzera Mawu a Mulungu, nyimbo za m'tchalitchi ndi mabuku oyambira kuwerenga, osati ndakatulo za munthu wamba.

Kuyambira pamenepo mbali ziwiri za malire zidayenda mosiyana. Ku Nyasaland Chinyanja chidaloledwa kulowa m'kalasi, ndipo mu 1948 maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia adakhazikitsa bungwe limodzi lothandiza kusindikiza mabuku a m'zinenero za eni dziko, likulu lake ku Lusaka; pamenepo mpata udatsegukira aphunzitsi onga E.J. Chadza, amene buku lake la ndakatulo lidatuluka mu 1963, ndi J.W. Gwengwe, naonetsa iwo kuti ndakatulo ya Chinyanja ingathe kugona pa pepala osasukuluka. Kuno ku Mozambique atsamunda adafuna kuti mwana aphunzire m'Chipwitikizi, zinenero za makolo zitsalire pa katekisimu ndi pa pemphero, ndipo pangano la 1940 lopereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Chikatolika silidasinthe chifuniro chimenecho. Ngakhale olemba m'Chipwitikizi momwemo adalawa zowawa. José Craveirinha buku lake loyamba lidakasindikizidwa ku Lisboa mu 1964, iye nalowa m'ndende chaka chotsatira. Noémia de Sousa, amene adalemba ndakatulo zake pakati pa 1948 ndi 1951, zina nazitulutsa m'nyuzipepala ya O Brado Africano, adadikira kufikira 2001 kuti azione zili m'buku, namwalira mu 2002. Ngati zidatero ndi ana a mu mzinda wa Lourenço Marques, Maputo wa lero, nanga mwana wa ku Mecanhelas akadagogoda pakhomo pa yani?

Njanji yochokera ku Nacala idalumikizidwa ndi ya ku Malawi mu 1970, kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi kumka ku Liwonde, ndipo m'chaka chomwecho ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College adayamba kagulu ka olemba, kokumana sabata ndi sabata, kumene wolemba watsopano ankawerenga ndakatulo yake pamaso pa anzake, iwo naipeta mosanyengerera, nam'bwezera kuti akaikonze. Mu 1971 adatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 za Chingerezi. Mutu umodzi susenza denga. Palibe mmodzi mwa achinyamata amenewo akadatha kudzaza buku yekha kapena kukopa wosindikiza yekha, koma pamodzi adatha. Chichewa nacho chidapeza malo m'magazini a Moni, m'nyuzipepala ya Malawi News ndi pa wayilesi ya MBC, imene mawu ake sankaima pa chipata cha malire, ndipo mu 1981 a Popular Publications ku Limbe adatulutsa buku losonkhanitsa ndakatulo za Chichewa za alakatuli osiyanasiyana, lokonzedwa ndi Enoch Mvula.

Komatu chaka cha 1968, chimene chidakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko la Malawi, ndicho chidabalanso lamulo lounika mabuku ndi zisudzo zisanafike kwa anthu, ndipo zipatso za lamulo limeneli zidaonekera poyera pa nkhani imodzi, imene mlakatuli aliyense wa m'dera lino ayenera kuidziwa. Mmodzi mwa oyambitsa kagulu kaja, mwana wa m'boma la Mangochi, adatumiza ndakatulo zake za Chingerezi ku London, ndipo buku lidatuluka kumeneko mu 1981, lodzaza ndi mikuluwiko imene wowerenga wa kwawo ankaimva bwino lomwe, ngakhale kuti panalibe liwu limene munthu akadaligwira ndi kunena kuti mlandu ndi uwu. Mu 1985 bukulo lidachotsedwa m'masitolo, m'nyumba zowerengeramo mabuku ndi m'sukulu. Pa 25 September 1987 mwini wake, amene panthawiyo ankatsogolera gawo la maphunziro a chinenero ndi zolembalemba pa koleji, adagwidwa ku Zomba natengedwa kumka ku ndende ya Mikuyu, m'chigwa choloza ku nyanja ya Chilwa, nyanja yomweyi imene asodzi athu amaponyamo maukonde tsidya lino. Sadamuuze mlandu wake, sadamuimike pamaso pa woweruza, ndipo adakhala m'menemo zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndakatulo zatsopano akuzisunga pamtima, kufikira adatulutsidwa mu May 1991, olemba anzake a m'maiko akutali atafuula za iye kosalekeza.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri monga ya munthu mmodzi wolimba mtima, ndipo ndi yoterodi. Koma ine ndimaona kuti bala lalikulu lidagwera iwo amene maina awo sadamveke konse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mkonzi aliyense, wosindikiza aliyense ndi wowulutsa mawu aliyense ataona zimene zidagwera munthu wophunzira chotero, adayamba kuwerenga zolemba za alendo ndi diso la mantha, ndipo woyamba kubwezedwa anali mlakatuli watsopano, wopanda dzina ndi wopanda womuikira kumbuyo. Wolemba m'Chingerezi anali ndi London, wolemba m'Chipwitikizi anali ndi Lisboa, koma wolemba m'Chinyanja akakanidwa kwawo, kunali kovuta kupeza mzinda wina umene ukadalandira kope lake. Chotero ambiri adazolowera kulakatula zoyamikira ndi zolangiza zokhazokha, ena nasiyiratu.

Pa zaka zomwezo kuno kunali nkhondo. Ku Maputo bungwe la olemba la AEMO lidabadwa mu 1982, ndipo mu 1984 achinyamata adayamba magazini a Charrua, amene adakuza mbadwo watsopano wa olemba. Koma Maputo ali kutali ndi Niassa, ndipo chinenero cha masamba amenewo chinali Chipwitikizi. Sitima zidaleka kudutsa pa Entre Lagos, sukulu zambiri zidatsekedwa, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, kufikira pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 October 1992.

Mtendere utadza, zinthu zidaoneka ngati zikongola. Akatswiri a zinenero anali atagwirizana kale mu 1988 za kalembedwe ka zinenero za dziko lino. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma lidayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'sukulu zina za ku Tete, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri adayamba kufalikira m'zigawo zina. Ku Malawi nako, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, pakamwa padamasuka, ndipo alakatuli onga Benedicto Wokomaatani Malunga adamveka m'nyumba zambiri. Koma pamene mantha adachoka padakhala umphawi. Osindikiza a mbali zonse ziwiri amadya za mabuku a sukulu, ndipo ndakatulo amaiyang'ana pokhapokha ikafunika pa mayeso. Wolemba watsopano amauzidwa kuti alipire yekha, asenze yekha mabuku ake, agulitse yekha, pamene mtengo wa pepala ukukwera m'mameticais ndi m'makwacha momwe. Wa ku Entre Lagos ali ndi mtolo woonjezera, pakuti akapita ku Cuamba, ulendo wa makilomita 77, amapeza malo ojambulira mapepala koma osati mkonzi wa ndakatulo za Chinyanja, ndipo akatumiza ku Blantyre, kalembedwe kamene adaphunzira kusukulu kamaoneka kolakwika m'maso mwa ozolowera kalembedwe ka ku Malawi.

Foni sindiinyoza. Lero mtsikana angathe kujambula mawu ake madzulo, natumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook, m'mawa mwake namveka ku Lichinga ndi ku Johannesburg, chinthu chimene Chadza sadachilote. Koma foni siuza munthu kuti mzere wachitatu ndi wofooka, ndipo ikatayika kapena kufa, ntchito ya zaka imapita nayo.

Chifukwa chake ndikupemphani inu aphunzitsi a m'boma la Mecanhelas, sonkhanitsani alakatuli a m'sukulu ndi m'midzi yanu kamodzi pa sabata, monga adachitira aja a mu 1970, awerengerane ndi kudzudzulana mwachikondi. Zimene zapsa muzitengere ku wayilesi ya m'dera, ndipo pakutha pa chaka musonkherane ndalama zosindikizira kabuku kamodzi ka anthu ambiri. Inu achinyamata, yambani ndi ndakatulo imodzi kapena ziwiri ku nyuzipepala, sungani zonse m'kope, ndipo musapereke ndalama kwa wosindikiza musanaone pangano lolembedwa. Ndipo inu akonzi a masamba a Chichewa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ikakufikani ndakatulo yochokera tsidya lino la Chilwa, musaibweze chifukwa cha kalembedwe kake; iwerengeni kufikira kumapeto, ndipo mwini wake mumuyankhe.